Amene Anakama Yobu

Ababa anga, a Dyson Mangwaya, ayendetsa galimoto ya mpingo zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo sanabwerepo kunyumba ndi kanthu ka eni ake ngakhale kanati. Ndiye Lamulungu lija mlembi ataima kutsogolo n'kuwerenga pa zolengeza kuti, "A Mangwaya ayambe aima kaye pa mgonero kufikira seshoni itaona nkhani ya oyilo wa galimoto," ine ndinadzuka mapemphero ali mkati n'kutuluka, nsapato zikulira pa simenti. Onena anene. Ine ndine Connie, makanika wa pa Lirangwe, ndipo manyazi ndinawasiya kalekale kunsi kwa malole.

Nkhani yake inali iyi. Galimoto ya mpingo wathu wa ku Chileka ndi pikapu yakalekale ya dizilo, imene akhristu anaitcha Yobu chifukwa cha mavuto amene yapirira. Mita yake inaima pa makilomita 460,000 ine ndili Fomu 2. Loweruka m'mamawa Yobu ananyamula maliro a mayi wina wa mumpingo kuchokera kuchipatala m'tauni kupita kwawo ku Mdeka. Atangodutsa msika wa Lirangwe, injini inalira gu gu gu, n'kuzima. Inanoka. Bokosi analitsitsira m'mbali mwa msewu dzuwa likuswa mtengo, anamfedwa akulira, anthu a pamsika ataunjikana ngati pali zisudzo. Mtembo unakafika kumudzi pa lole ya mchenga. Ababa atasolola dipu, kachitsulo koyezera oyilo kaja, anakapeza kouma gwa.

Amene anawaimba mlandu ababa anali a Chrispin Kaliwo, mphunzitsi wamkulu wopuma, wapampando wa komiti yomanga tchalitchi chatsopano, amenenso amasunga makiyi ena a shedi yogona Yobu. Iwo anati miyezi iwiri yapitayi ababa akhala akupempha oyilo pafupipafupi, ndipo atapita kunyumba kwathu anapeza mizati ya khola la mbuzi itapakidwa oyilo wakuda bii. Basi, mbava yapezeka. Seshoni, bwalo la akulu a mpingo, inali yoti ikhale Lachitatu masana, kuti iwadule mu mpingo ndi kuwapereka kupolisi.

Madzulo a Lamulungu lomwelo ndinawapeza ababa atakhala pakhonde, tayi akadali m'khosi.

"Ababa, Lachisanu munayeza oyilo?"

"Ndinayeza, mwanawe. Folo koloko, nditangofika kuchokera kotenga simenti. Anali pa mzere wapamwamba."

"Nanga Loweruka?"

Anayang'ana pansi. "Anandigogodera kusanache, anamfedwa ali pakhomo. Ndinangoliza n'kunyamuka. Zaka zonsezi sindinaphonyepo, koma tsiku limenelo dipu sindinasolole. Kanyali kochenjeza za oyilo kaja ukudziwa kuti kanafa kale. Ndalakwa ndine. Asiye achite zimene akufuna."

"Kusayeza ndi kuba si chinthu chimodzi, ababa. Ndipo oyilo wa pa khola uja ndinakupatsani ndine, wa m'diramu ya kugalaja kwanga."

"Ndinawauza. Akuti mwana sangachitire umboni bambo ake."

Ndinapsa mtima. Munthu wamkulu, imvi mbuu, kumangopereka khosi ngati nkhuku ya alendo!

"Chabwino," ndinatero. "Ine ndikhala chete. Alankhula ndi Yobu."

* * *

Yobu anali atamukokera pagalaja panga, pakuti ndi pomwe panali pafupi. Lolemba m'mawa ndinabweza makasitomala onse, ngakhale wa minibasi amene anandichonderera mpaka kunditcha mlamu.

Amene anandiphunzitsa umakanika ankati oyilo alibe miyendo. Akasowa mu injini ndiye kuti wapsa, wadontha, kapena wina wamunyamula. Ndinayamba ndi kupsa. Ndinalowetsa chala m'paipi yotulukira utsi: mwaye wouma, wosanyowa mafuta. Injini yowotcha oyilo kwambiri imasiya phala lakuda lomata, ndipo munthu woitsatira pambuyo amatsokomola utsi wabuluu. Yobu ndimamudziwa. Amatulutsa kautsi kabuluu m'mamawa pongomuliza, ngati nkhalamba yokonza kukhosi, kenako mbee. Kumwa kwake ndi lita imodzi pa milungu itatu. Ndinatsegula pothira madzi, ndinapeza madzi oyera, opanda thovu la oyilo. Kumenekonso sanapite.

Kunatsala kudontha, ndipo apa ndinali ndi mwayi umene a Kaliwo sankaudziwa. Milungu iwiri m'mbuyomo ababa anabwera pagalaja akudandaula. "Connie, Yobu wayamba kumwa ngati chidakwa cha kachasu, ndipo pansi sindikuona dontho." Tsiku limenelo ndinathira mu injini mankhwala ofufuzira podontha, kabotolo kakang'ono kamene ndinabwera nako nditasiya ntchito pagalaja yaikulu m'tauni. Mankhwala amenewa saoneka ndi maso, koma ukaunika mumdima ndi tochi ya kuwala kwa pepo, paliponse pamene oyiloyo wadutsa pamawala mobiriwira. Ndinawauza ababa kuti ayende milungu iwiri abwerenso. Maliro anafika iwo asanabwere. Za mankhwalawa tinkadziwa awiriwiri.

Ndinafunditsa Yobu tenti mbali zonse kuti kunsi kude, n'kukwawira komweko chagada.

Kamzere kobiriwira kanatsika kuchokera pa gasiketi yomata chivundikiro cha pamwamba pa injini, kowonda ngati ulusi. Sili, mphira yotchinga oyilo kumbuyo kwa injini, inali yonyowa pang'ono, thukuta chabe la ukalamba. Zimenezi sizingathe malita asanu usiku umodzi, ngakhale mwezi umodzi. Ndiponso oyilo akatayikira pamsewu galimoto ikuthamanga, mphepo imamupaka mimba yonse mpaka kumateyala akumbuyo. Mimba ya Yobu inali youma, fumbi lofiira lokhalokha.

Kenako tochi inafika pa pulagi ya sampu, bawuti imene timamasula pokhuthula oyilo pansi pa injini. Mayo! Panali powala ngati ziphaniphani zachita msonkhano. Zala za munthu zinali zitapaka mozungulira, pena apa pena apo. Mutu wa bawutiyo unali wotafunidwa ndi mano a bobojani. Ababa amamasula bawuti imeneyi ndi sipanala 17 yokha, ndipo amati bobojani ndi chida cha okonza mipope, wogwira nacho galimoto ndi wopanda mwambo.

Yobu sanawotche oyilo ndipo sanamutaye. Anachita kukamidwa.

* * *

Lachiwiri masana ndinakwera njinga yanga yamoto wa ku Chileka. Mlonda wa pampingo ndi Che Sefu, Msilamu wachikulire amene walondera Akhristu zaka khumi popanda kusowa ngakhale ndowa. Ndinawapeza atangofika, akuyala kamkeka pa geti.

"Ine sindigona, chemwali," anatero ndisanamalize n'komwe funso. "Wallahi, khoswe akadutsa ndimamufunsa dzina. Che Dyson akaimika galimoto folo koloko, amakhoma shedi, amapita. Palibe amalowa."

"Simuchokapo ngakhale pang'ono?"

"Kupita kuti? Swala basi. Dzuwa likamalowa ndimathamangira pa mzikiti apo, mphindi makumi awiri ndabwera."

"Nanga geti amaonera ndani?"

"A Kaliwo." Che Sefu anagwedeza mutu moyamikira. "Munthu amasintha, chemwali. Kale ankandinena kuti ndikuba nthawi ya mpingo. Koma miyezi iwiri ino, eee, amachita kubwera okha. 'Che Sefu, pitani mukapemphere, Mulungu ndi mmodzi, ine ndikhala pano.'"

"Tsiku lililonse?"

"Ayi, kawiri katatu pa mlungu."

"Lachisanu lapitali?"

"Lachisanu ndiye anachita kundikankha nthawi isanakwane. Anati ndisafulumire kubwerera, ndiwapempherereko."

Ndinasuzumira m'shedi pa mpata wa chitseko. Pansi ponse panali mchenga watsopano, wosalazidwa bwino.

"Mchengawu amathira ndani?"

"Iwo omwe. Akuti ukhondo."

Ukhondo! N'chifukwa chake ababa sankaona dontho. Komabe mutu unandizungulira. Munthu wakuba amaba oyilo watsopano wa m'botolo. A Kaliwo alibe galimoto, alibe chigayo, njinga yawo n'njakapalasa. Oyilo wakuda wotentha, wochita kumukwawira kunsi kwa pikapu, ankamutani?

* * *

Yankho linandipeza lokha pa mpope wa kuseri kwa tchalitchi chatsopano. Mayi Getrude, amene amatsogolera nyimbo ku Mvano, anali atawerama pa beseni akuchapa ngati akumenyana ndi munthu. Atandiona anaimirira, manja m'chiuno.

"Iwe Connie, iwe! Kutuluka abusa asanadalitse, lero wabwera ndi buluku pabwalo la tchalitchi? Amayi ako akanakhala moyo bwenzi atakomoka. Koma usandiyankhe, ndatopa kale ine. Taona zimene zandigwera. Taona!"

Anatambasula bulauzi yoyera ya Mvano. Paphewa panali banga lakuda ngati ndalama yachitsulo, ndi lina laling'ono pamkono.

"Lachinayi tinakumana m'tchalitchi chatsopanochi, mbali imene yafoleredwa kale. Dzuwa la Okutobala ukulidziwa, malata akuchita kulira. Ndili pakati pa nyimbo, ndakweza dzanja chonchi, ndangomva tho! paphewa. Ndinati mileme. Ndachapa ndi sopo, ndafinyira mandimu, ndayanika, ndachapanso, chinthu chili phee. Ndipo si ine ndekha, tilipo anayi. Lamulungu likubwerali alendo a ku presibitale akudzatsegulira tchalitchi, ine ndikaime kutsogolo ngati nkhanga?"

Ndinanunkhiza bangalo. Sopo, mandimu, ndipo pansi pake kafungo kamene ndimagona nako ndi kudzuka nako.

"Amayi, tandibwerekani chitenje chanu chapamwambacho."

"Uchite nacho chiyani?"

"Tifunde tonse awiri."

Anang'ung'udza, koma chidwi chinawaposa. Tinagwada pansi, chitenje kumutu, bulauzi pakati pathu. Ndinayatsa tochi.

"Mayo ine!" Mayi Getrude anagwa chagada, beseni n'kutayika. "Ufiti! Andilodza ine! Ndi ndani ameneyu, ndamulakwira chiyani?"

"Si ufiti, amayi. Ndi oyilo wa Yobu."

"Wa galimoto? Galimoto ikakwera bwanji padenga?"

Ndinatukula maso. Pamwamba pa chipupa, pakati pa matabwa akuda bii, panali munthu atakhala chokhalira njinga, akutiyang'ana. Titangophana maso anatembenuka msanga n'kuyamba kukhoma msomali umene unali wokhomedwa kale.

* * *

Anali Willie, kalipentala wa ku Ndirande amene anapatsidwa ntchito ya denga. Sanafune kutsika, ndiye ndinakwera ndine.

"Aaa, sisi, mugwa apa, ine ndilibe inshuwalansi," anatero, maso ali kumbali.

"Matabwawa wapaka chiyani, Willie?"

"Zoletsa chiswe."

"Mwezi wa Ogasiti akhristu a m'tauni anapereka zitini zisanu ndi chimodzi za mankhwala a chiswe kutsogolo kwa mpingo. Tonse tinaomba m'manja. Ndi amenewa?"

"Ine ndimangopaka zomwe andipatsa, sisi. Za zitini sindiyankha."

"Unaziona?"

"Tsiku lomwelo basi. Abwana anati akasunge kwawo, kuno kuli akuba." Anakanda m'mutu ndi msomali. "Kungoti ku Madziabango kuli nyumba ina yatsopano ya lendi, matabwa ake akununkhira bwino zedi. Ndangomva. Sindinanene kanthu ine."

"Ndiye kuno akukubweretsera oyilo wakuda."

"Akuti n'chimodzimodzi, chiswe sichiwerenga zolemba pachitini. Poyamba ankabwera ndi wa m'magalaja, koma masiku ano oumba mabuloko a simenti akumusesa yense, amapakira zikombole zawo. Ndiye anayamba kubwera ndi wa m'tizigubu, malita awiri, malita awiri, cha kumadzulo. Ine ndimapaka kukazizira, masana pamwamba pano ndi ng'anjo."

"Amati akumutenga kuti?"

Willie anaseka mwamanyazi. "Akuti kwa inu, sisi. Ku Lirangwe."

Ndikanagwadi pamenepo. Kuwanamizira ababa, n'kubisalanso kuseri kwa dzina langa! Ndinagwira thabwa ndi manja awiri mpaka mkwiyo unatsikako.

"Lachisanu anabwera ndi wochuluka bwanji?"

"Chigubu cha faifi lita, chodzaza. Anati matabwa otsala athe usiku usanagwe, malata akwere Loweruka, alendo asadzapeze denga lapakamwa." Anatsitsa mawu. "Koma sisi, Lirangwe ndi kutali. Ine chigubu chija pochilandira chinali chofunda ngati tiyi."

"Ukanene zimenezi ku seshoni mawa."

"Ine? Ayi, ayi. Ndili ndi ana atatu, ntchito ikandithera adya misomali? Simunandione, sindinakuoneni."

Sindinamukakamize. Mantha a munthu wa ganyu ndimawadziwa. Ndinatsika makwerero, ndipo nditangoponda pansi kachidutswa ka thabwa lakuda kanagwa pafupi ndi phazi langa.

"Pepani sisi," anakuwa ali pamwamba. "Chapulumuka."

* * *

Lachitatu thu koloko ndinakankha chitseko cha vesitire osagogoda, nditavala ovolosi, thumba lili paphewa. Akulu a mpingo khumi anali atazungulira tebulo, abusa ali kumutu kwake. Ababa anawakhazika pa benchi pafupi ndi khomo, chipewa chili pamaondo. A Kaliwo anali chiimire, magalasi pamphuno, mpukutu wa makiyi uli patsogolo pawo pamodzi ndi kalata yopita kupolisi yolembedwa kale.

"Abusa," anatero a Kaliwo, "ino ndi seshoni, si galaja. Mtsikanayu alibe mpando muno."

"Sindinabwere kudzakhala," ndinayankha. "Ndabwera ndi mboni."

"Tinagamula kale kuti mwana sachitira umboni bambo ake."

"Mboni zanga zili m'thumbamu, ndipo palibe wachibale wanga ngakhale mmodzi."

"Connie, tuluka," ababa ananong'ona.

"Sindituluka, ababa. Akafuna andinyamule."

Abusa, munthu wofatsa wosakonda phokoso, anayang'ana akulu aja, anayang'ana ine, n'kuusa moyo. "Mphindi zisanu, mayi."

Ndinayala patebulo zinthu zinayi: dipu ya Yobu, chidutswa cha mzati wa khola la ababa, bulauzi ya mayi Getrude, ndi thabwa la padenga lija.

"A Kaliwo, oyilo amene wapakidwa padenga la tchalitchi chatsopano munamutenga kuti?"

"Oyilo?" mkulu wina anadabwa. "Si mankhwala aja anapereka a m'tauni?"

"Mankhwala anachepa," a Kaliwo anayankha msanga. "Monga wapampando ndinagwiritsa ntchito nzeru. Ndinapeza oyilo wakutha m'magalaja a ku Lirangwe."

"Kwa ine?"

"Magalaja ndi ambiri, mtsikana."

"Ndiye sanachoke mwa Yobu?"

Anaseka, akuyang'ana anzawo. "Ine ndine munthu wa choko. Zaka makumi atatu ndi zisanu m'kalasi. Kunsi kwa galimoto sindinalowepo chibadwire."

"Zikomo. Mawu amenewo alembedwe."

Ndinatseka mawindo a matabwa, n'kupachika mikanjo ya kwaya m'mipata molowa dzuwa. M'chipinda munada. Ndinafotokoza za mankhwala amene ndinathira mwa Yobu, ndi kuti palibe galimoto ina kuyambira Lunzu mpaka Mdeka imene ndinaithirapo.

"Matsenga m'nyumba ya Mulungu!" anakuwa a Kaliwo. "Abusa, mulola zimenezi?"

"Tochi ngati yomweyi amaunikira ndalama zachinyengo m'masitolo," ndinatero, "ndipo sindinamvepo kuti munathawamo."

Ndinaunika dipu. Inawala mobiriwira kunsonga, ndipo wina anati, "Ha!" Ndinaunika mzati wa khola la ababa, mbali zonse, pang'onopang'ono kuti aliyense akhute. Unali wakuda, chete. Ndinaunika bulauzi, mabanga awiri aja anayaka. Ndinaunika thabwa la padenga, lonse linayaka kuyambira uku mpaka uko.

Ndege inadutsa pamwamba, malata ananjenjemera.

Koma a Kaliwo sanakhale mphunzitsi wamkulu pachabe. "Ndiye zaonekeratu!" anatero mumdimamo. "Mangwaya amakhuthula oyilo n'kumagulitsa kwa kalipentala, kalipentala n'kumasakaniza ndi amene ndimabweretsa ine. Mwana wake yemwe wamugwira!"

Ndinamva akulu ena akuyamba kuvomereza chapansipansi. Willie atakana kubwera, bodza limeneli likanatha kuima. Ndinatsitsa dzanja, ndipo kuwala kwa tochi kunasesa patebulo.

Pafupi ndi kalata ya kupolisi panali kanthu kakuwala.

Ndinabwezeranso tochi pomwepo. Unali mpukutu wa makiyi. Chingwe cha nsapato chimene anamangira makiyiwo chinali chobiriwira chonse, chitamwa oyilo mpaka mkati. Manja amasambika, koma chingwe ndani amachiganizira?

"Makiyi awa ndi a ndani?" ndinafunsa.

Dzanja linatuluka mumdima kuti liwatole. Ndinaliunika. Lamba wachikopa wa wotchi nayenso anali kuyaka m'mphepete monse.

"Munthu wa choko," ndinatero. "Che Sefu akuti miyezi iwiri ino mwakhala mukuwatumiza ku swala kuti mulondere geti ndinu. Lachisanu munawauza kuti asafulumire. Ndiwaitane? Ali panjapa."

Abusa anadzuka okha n'kukatsegula windo. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma ameneyu analankhula. A Kaliwo anakhala pansi, navula magalasi, mawu atachepa.

"Ndinkangochotsa pang'onopang'ono, ngati mmene munthu amakamira ng'ombe. A Mangwaya amayeza m'mawa uliwonse, amathira wina, galimoto imayenda. Lachisanu ndinachulutsa chifukwa cha alendo. Ndikanadziwa bwanji kuti kugwa maliro usiku womwewo? Komanso, abale, tiyeni tione bwino. Oyilo wa mpingo wapita padenga la mpingo. Kuba kwake kuli pati?"

"Nanga zitini zija zili padenga la ndani ku Madziabango?" ndinafunsa.

A Kaliwo anangoyamba kupukuta magalasi awo.

Mkulu wina wa ndevu zoyera anakonza kukhosi. "Abusa, zachitikazi n'zomvetsa chisoni. Koma Lamulungu tili ndi alendo. Mpingo usachite manyazi. Nkhaniyi ithere m'chipinda muno, a Mangwaya abwerere pa mgonero mwakachetechete, a Kaliwo tikambirana nawo mwauzimu."

Mitu inagwedezeka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwasambwadze, koma wina anandiyambirira.

"Ayi."

Anali ababa. Anali ataimirira, chipewa chili m'manja. Ine chibadwire sindinawamvepo akukana kanthu pamaso pa abusa.

"A Chrispin," anatero, "ine ndi inu tinabatizidwa chaka chimodzi. Lamulungu lija dzina langa likuwerengedwa munandiyang'ana m'maso, n'kupukusa mutu ngati mwandimvera chisoni." Anatembenukira kwa mlembi. "Lembani cholakwa changa. Loweruka sindinasolole dipu, ndipo mtembo wa mayi uja unakwera lole ya mchenga chifukwa cha ine. Chimenecho ndikachivomera ndekha pakhomo pa anamfedwa. Koma zakuba munazinenera pa guwa, ana anga ndi adzukulu akumva. Mukazifafanizire pa guwa pomwepo, alendo ali pompo."

"A Mangwaya, taganizirani mbiri ya mpingo..." anatero mkulu wa ndevu zoyera uja.

"Mbiri yanga munaiganizira? Mukapanda kutero, ine ndi mwana wangayu tibwera ndi tochi, tidzatseke mawindo."

Ine misozi inangotsika, ndipo sindinaipukute. Abusa anatola kalata ya kupolisi ija, anaipinda kawiri, n'kuuza mlembi kuti atenge pepala latsopano.

* * *

Lamulungu tchalitchi chatsopano chinadzaza mpaka m'mawindo. Ababa anavala malaya awo oyera a pa ukwati wa mchemwali wanga, osavala jekete, n'kulunjika benchi yachitatu kumanja. Mayi Getrude anawathamangira.

"A Dyson, musakhale apo! Ndi pomwe pamadontha paja."

"Ndikudziwa, mayi," anayankha, n'kukhala. Ine ndinakhala pambali pawo, mbali ya azibambo, ndipo palibe analimba mtima kundichotsa.

Mlembi anawerenga zonse: kuti a Mangwaya sanabe kanthu, kuti seshoni ikupepesa, kuti a Kaliwo atula pansi maudindo ndipo nkhani ya zitini ili m'manja mwa apolisi. Alendo anayang'anana. Anthu anayamba kutukula maso mmodzimmodzi kuyang'ana matabwa.

Pofika nthawi ya mgonero dzuwa linali pamutu, malata akulira. Ndinamva tho! Dontho lakuda linali paphewa la ababa, likufalikira pa nsalu yoyera. Ndinatulutsa kampango.

Anandigwira dzanja. "Usapukute. Aone onse kumene oyilo anapita."

Mbale ya mkate inafika pa benchi yathu, itanyamulidwa ndi mkulu wa ndevu zoyera uja. Maso ake anali pa bangalo. Ababa anamudikira mpaka anawayang'ana kumaso, kenako anatambasula dzanja n'kutenga.